mdadm ndi chingwe chotsomoka: zimene ndaona pa pulogalamu yosamalira RAID mu Linux

Kwa pulogalamu yoyang'anira gulu la madisiki, disiki imene yafa ndi disiki imene chingwe chake changotsomoka zimaoneka chimodzimodzi, chifukwa zonse ziwiri zimasiya kuyankha. Kusiyana kwake kumadziwika pambuyo pake, pamene munthu watsomekanso chingwe ndipo disiki ija yabwerera ili bwinobwino, deta yake yonse ili momwemo, koma gulu lapitirira kale ndi ntchito popanda iyo. Ndemanga yanga pa mdadm yagona pa nthawi imeneyi basi. Sindikamba zambiri za liwiro lake kapena za mitundu yonse ya RAID (njira yosungira deta pa gulu la madisiki) imene imatha kupanga, popeza ubwino wa pulogalamu yotere umayesedwa tsiku limene zinthu zasokonekera, ndipo pa seva zinthu zimasokonekera kawirikawiri chifukwa cha zingwe kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira.

Kwa amene sanaigwiritsepo ntchito, mdadm ndi pulogalamu imene imalamula mbali ya kernel (phata la dongosolo) ya Linux yotchedwa md, imene imasonkhanitsa madisiki angapo kuti azioneka ngati disiki imodzi. Anaiyamba ndi Neil Brown m'chaka cha 2001, ndipo lero imapezeka mu Debian, Ubuntu, SUSE, Red Hat Enterprise Linux ndi ena ambiri. Disiki iliyonse ya m'gulu imakhala ndi kachigawo kotchedwa superblock, kamene mu mtundu wa 1.2 kamakhala 4 KiB kuchokera poyambira pa disiki, ndipo m'menemo mumalembedwa nambala yodziwira gululo, malo a disikiyo m'gulu, nthawi imene inalembedwa komaliza, ndi chiwerengero chotchedwa Events chimene chimakwera nthawi iliyonse pamene mkhalidwe wa gulu wasintha. Chiwerengero chimenechi ndiye mboni yaikulu pa nkhani yonse ino.

Seva imene ndakhala ndikuyang'anira inali ndi madisiki asanu ndi atatu a SATA a 8 TB mu RAID 6, olumikizidwa ku khadi la HBA (khadi lolumikizira madisiki ku seva) lopanda RAID yakeyake kudzera pa zingwe ziwiri za SFF-8087, ndipo pamwamba pake panali ext4, dongosolo losungira mafayilo. Chingwe chilichonse cha mtundu umenewu chimanyamula njira zinayi, kutanthauza madisiki anayi, pamene RAID 6 imapirira kutayika kwa madisiki awiri okha. Masamu amenewa ndinawadziwa kuyambira pachiyambi, koma sindinawapatse kulemera kumene ankafunika.

Seva isanayambe ntchito ndinaiyesa mwadala. Ndinayambitsa kukopera mafayilo akuluakulu, kenako ndinasolola disiki imodzi m'malo mwake kukopera kuli mkati. Kulemba kunaima kwa masekondi angapo, kenako kunapitirira ngati palibe chimene chachitika. Mu /proc/mdstat, fayilo yosonyeza mkhalidwe wa gulu, dzina la disiki ija linali ndi chilembo F pambali pake, mzere wa zilembo U (chimodzi pa disiki iliyonse yogwira ntchito) unali ndi mpata umodzi, ndipo manambala ankasonyeza 8/7, kutanthauza kuti mwa madisiki 8 ogwira ntchito anali 7. Imelo yonena za Fail event inafika nthawi yomweyo. Mpaka apa ndinalibe chodandaula, pakuti pulogalamu inachita chimene inalonjeza: inapatula disiki yosayankhayo ndi kupitiriza kutumikira popanda ogwiritsa ntchito kuzindikira kanthu.

Chodabwitsa choyamba chinabwera nditabwezeretsa disiki. Poyamba inali sdd, koma inabwerera ndi dzina la sdj, chifukwa md inali ikugwirabe dzina lakale ndipo kernel sikanatha kulipereka kwa chipangizo chatsopano. Ichi si cholakwa cha mdadm payokha, ndi mmene Linux imaperekera mayina, komabe chimasokoneza kwambiri munthu amene ali ndi mantha, ndipo n'chifukwa chake ndinasiya kudalira mayina a sd ndi kuyamba kugwiritsa ntchito a mu /dev/disk/by-id, amene amakhala ndi nambala ya disiki yeniyeniyo. Njira yobwezera inali ya masitepe awiri. Ndinalemba mdadm /dev/md0 --remove detached kuti dzina la chipangizo chimene kulibenso lichoke m'gulu, kenako mdadm /dev/md0 --re-add ndi dzina la disiki ija. Pasanathe mphindi zochepa zilembo U zonse zisanu ndi zitatu zinali zitabwerera.

Chimene chinachititsa kuti ntchitoyo ikhale yaifupi chotero ndi write-intent bitmap, ndipo m'maganizo anga ichi ndiye chinthu chamtengo wapatali koposa chimene mdadm ili nacho pa nkhani ya zingwe. Bitmap imagawa gulu m'zigawo zikuluzikulu, nthawi zambiri za 64 MB, ndipo md isanalembe m'chigawo chilichonse imayamba yaika chizindikiro chakuti chigawocho chikusinthidwa. Madisiki onse akakhalapo, zizindikirozo zimafufutidwa kulemba kukatha, koma disiki ina ikasowa zimasungidwa, kotero kuti disikiyo ikabwerera md imadziwa zigawo zenizeni zimene zinasintha iyo kulibe ndipo imakonza zokhazo. Popanda bitmap, disiki yonse imayenera kulembedwanso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Disiki ya 8 TB yolembedwa pa liwiro la 150 MB pa sekondi imatenga pafupifupi maola 15, ndipo izi zili choncho seva ikakhala kuti sikugwira ntchito ina. Ikakhala yotanganidwa, md imachepetsa liwiro lokonzera mpaka kufika pa malire a speed_limit_min, amene mwachizolowezi ndi 1000 KB pa sekondi, ndipo maola aja amasanduka masiku. Nthawi yonseyi madisiki otsala amawerengedwa paliponse, ndipo ndi pomwe zigawo zowonongeka zimene zinabisala zimatulukira. Alipo ena amene amachotsa bitmap ponena kuti imachedwetsa kulemba, ndipo n'zoona kuti pa ntchito yolemba tizidutswa ting'onoting'ono m'malo osiyanasiyana kuchedwako kumamveka, koma ine ndinaona kuti kukulitsa zigawo za bitmap kumachepetsa vutolo mokwanira popanda kutaya chitetezo chake.

Mayeso enieni sanali amene ndinakonza. Tsiku lina tinatsegula seva kuti tisinthe fani imene inkalira, ndipo pobweza chivundikiro cha m'kati dzanja linakankha chingwe chimodzi cha SFF-8087 chimene kachitsulo kake kokolera kanali kofooka kale. Chingwecho sichinagwe, chinangobwerera m'mbuyo pang'ono, mwina kosakwana kukula kwa chikhadabo, ndipo seva inayaka bwino ndi kugwira ntchito mpaka madzulo. Kunjenjemera kwa makina kunamaliza zotsalazo. Madisiki anayi anasowa pa sekondi imodzi, gulu linalephera, ext4 inadzisandutsa yongowerenga chabe monga mmene errors=remount-ro imanenera, ndipo zolemba za kernel zinadzaza ndi mizere ya I/O error yotsatizana mofulumira kwambiri moti sizinkawerengeka.

Apa ndi pamene ndinaiona mdadm mmene ilili, ndi ubwino wake ndi kuuma kwake komwe. Nditazimitsa seva, kukankhira chingwe mpaka kumva kachitsulo kakugwira, ndi kuyatsanso, madisiki onse asanu ndi atatu anaoneka, koma gulu linakana kuyamba ndipo linangokhala inactive. Pulogalamu inaona kuti madisiki anayi ali ndi Events yotsika kuposa anzawo ndipo inawatenga ngati otsalira, ndiye anayi otsalawo sakanakwanira kuyendetsa RAID 6 ya madisiki asanu ndi atatu. Munthu amene sanaonepo zimenezi angaganize kuti zonse zatha. Koma mdadm --examine pa disiki iliyonse inandipatsa nkhani yonse m'mizere yochepa: madisiki anayi a chingwe chotsomokacho anali ndi Update Time yofanana, yosiya pa mphindi ya ngozi ija, ndipo mzere wawo wa Array State unali ndi zilembo A zisanu ndi zitatu, kusonyeza kuti iwo pomaliza kulemba ankadziwa kuti gulu lili lathunthu, pamene anayi enawo anali ndi madontho m'malo mwa anzawo osowawo ndipo Events yawo inali patsogolo ndi manambala owerengeka chabe. Umboni woterewu umasiyanitsa ngozi ya chingwe ndi imfa ya madisiki, pakuti madisiki anayi safa pa sekondi imodzi, ndipo onse anayi anali pa chingwe chimodzi.

Lamulo lobwezera linali mdadm --stop, kenako mdadm --assemble --force ndi mayina a madisiki onse. Pulogalamu inalemba poyera kuti ikukweza Events ya disiki yakuti kuchoka pa nambala yakuti kufika pa yakuti, ndipo gulu linayamba. Ndimayamikira kuti siichita zimenezi payokha. Kukakamiza kotere n'kotetezeka pamene kusiyana kwa Events kuli kochepa ndipo madisiki anasowa nthawi imodzi, popeza gulu likalephera palibenso deta yatsopano imene ingalembedwe mokwanira, koma n'koopsa pamene imodzi mwa madisikiwo inachotsedwa m'gulu milungu ingapo m'mbuyomo munthu osadziwa, chifukwa disiki yoteroyo ili ndi deta yakale imene ikasakanizidwa ndi yatsopano imawononga mafayilo mwakachetechete. Chiweruzo chimenechi chimafuna munthu woona madeti ndi kudziwa mbiri ya seva, ndipo mdadm imamusiyira iye.

Ngakhale gulu litayamba, sindinathamangire kulilumikiza. Zimene zinali m'njira yolembedwa pa nthawi ya ngozi zikhoza kukhala zitafika pa madisiki ena koma osafika pa ena, choncho ndinayamba ndi fsck -n, imene imayang'ana dongosolo la mafayilo popanda kusintha kanthu, kenako fsck yeniyeni, imene inabwezeretsa journal (kaundula wa zimene ext4 inali kulemba) ndi kukonza tinthu tochepa. Pambuyo pake ndinalemba check mu fayilo ya sync_action kuti md iyerekeze deta ya madisiki onse, ndi kudikira kuti ndione mismatch_cnt, chiwerengero cha malo osagwirizana. Amene deta yake ilibe kope lina kwina angachite bwino kuyesera zonsezi pa chophimba chopangidwa ndi device-mapper (mbali ina ya kernel), chimene chimalandira zolembedwa zonse m'fayilo yapadera ndi kusiya madisiki enieni osakhudzidwa. Ndikanakonda kuti njira imeneyi ikhale m'kati mwa mdadm momwemo ngati lamulo limodzi, chifukwa kuikonza pamanja ndi dmsetup pa disiki iliyonse, usiku, mtima uli m'mwamba, ndi ntchito imene munthu angalakwitse mosavuta.

Dandaulo langa lalikulu lili pafupi ndi pomwepa. Pulogalamu imene imasamala chotere pa --assemble imalola munthu kulemba --create pa madisiki amene ali kale m'gulu atangoyankha funso limodzi lochenjeza, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amatchula --create --assume-clean ngati njira yopulumutsira gulu lokana kuyamba. Lamulo limeneli limalemba superblock yatsopano pamwamba pa yakale, kutanthauza kuti limafafaniza mboni ija imene ikanathandiza. Ngati dongosolo la madisiki lasokonezedwa, kapena kukula kwa chunk (chidutswa cholembedwa pa disiki imodzi md isanapite pa ina) kwasiyana, kapena data offset (malo amene deta imayambira pa disiki) ya mdadm yatsopano siifanana ndi ya imene inapanga gululo poyamba, zotsatira zake ndi gulu looneka lamoyo koma losawerengeka, ndipo chilichonse cholembedwa pamenepo chimawononga zenizeni. Ngakhale --add ili ndi kamsampha kake, popeza ikalephera kubwezera disiki pamalo pake imaisandutsa spare, disiki yongodikira kulowa m'malo mwa ina, pamene --re-add ikalephera imangokana ndi kuima. Zonsezi zinalembedwa m'buku lake la malangizo, limene ndi lolondola koma lalitali ndipo silinakonzedwe motsata mavuto amene munthu amakumana nawo. Chizolowezi chimene ndinatengapo ndi kusunga zotuluka za --examine ndi --detail m'fayilo ya pa kompyuta ina gulu lidakali bwino.

Chingwe chotsomokeratu ndi vuto losavuta poyerekeza ndi chingwe chongokhwefuka. Chotere chimagwira ntchito kwa masiku, kenako chimataya deta yochepa m'njira, kenako chimagwiranso, ndipo disiki yabwinobwino imachotsedwa m'gulu lero, n'kubwezeredwa, n'kuchotsedwanso sabata yamawa. Pa vuto limeneli mdadm siithandiza konse, chifukwa imangonena kuti disiki yalephera popanda kunena chifukwa, ndipo munthu wosasamala amasintha disiki koma vuto n'kukhalapobe pa malo omwewo. Yankho limapezeka kwina. Pa madisiki a SATA, smartctl, pulogalamu yowerenga thanzi la disiki, imaonetsa chiwerengero cha nambala 199, chotchedwa UDMA_CRC_Error_Count, chimene chimakwera deta ikawonongeka pakati pa disiki ndi khadi, ndipo chikamakwera pamene manambala 5 ndi 197, okhudza zigawo zowonongeka za disiki yeniyeniyo, ali chiimire, mlandu umagwera chingwe, polumikizira kapena backplane, bolodi imene madisiki amatsomekedwapo. Chiwerengerochi sichibwerera pa 0 chingwe chikasinthidwa, choncho chofunika n'kuona ngati chikupitirira kukwera. Pa madisiki a SAS, mtundu wina wosiyana ndi SATA, umboni wofanana umapezeka ndi smartctl -l sasphy, ndipo pa madisiki olumikizidwa mwachindunji ku bolodi zolemba za kernel zimanena za hard resetting link ndi kutsitsa liwiro kuchoka pa 6.0 Gbps kufika pa 3.0 Gbps. N'koyeneranso kukumbukira kuti polumikizira pa SATA ya m'kati panapangidwa kuti papirire kutsomeka ndi kutsomola kokwana 50 kokha, ndipo chingwe chake sichiyenera kupitirira mita imodzi.

Pali chinthu chinanso chimene chimavala nkhope ya chingwe choipa pamene chingwe chili bwino. Linux imadikira lamulo lopita ku disiki kwa masekondi 30, malinga ndi fayilo ya timeout ya chipangizo chilichonse, koma madisiki ambiri opangidwira makompyuta a pa desiki akakumana ndi chigawo chovuta kuwerenga amalimbana nacho kwa nthawi yoposa imeneyi osayankha kanthu. Kernel ikatopa imadula ndi kuyambitsanso kulumikizana, ndipo md, imene ikanakonza chigawocho mosavuta kuchokera ku madisiki ena, imachotsa disiki yonse. Madisiki amene amalola SCT ERC, njira yoikira malire a nthawi yolimbana ndi chigawo chovuta, amauzidwa kuti azigonja pakatha masekondi 7 polemba smartctl -l scterc,70,70, ndipo kwa amene salola, timeout imakwezedwa kufika pa masekondi 180. Pa madisiki ambiri zimenezi zimaiwalika magetsi akazima, ndiye ziyenera kuikidwa kuti zizichitika pa kuyaka kulikonse. Vutoli ladziwika kwa zaka zambiri, ndipo zimandivuta kumvetsa kuti mdadm siichenjeza za ilo pa nthawi yopanga gulu.

Za kuchenjeza ndikamba mwachidule. Gawo la --monitor limatumiza imelo ku adiresi yolembedwa pa MAILADDR mu mdadm.conf ndipo silinandikhumudwitsepo, koma limadalira kuti seva ili ndi njira yotumizira makalata, choncho liyenera kuyesedwa ndi --test tsiku loyamba lomwelo. Kuyatsa kanyali kosonyeza disiki imene yavuta si ntchito yake; imeneyo imachitidwa ndi ledctl pa ma backplane amene amalola, ndipo popanda iyo munthu amawerenga nambala pa chizindikiro cha disiki ndi tochi, kapena kusolola disiki yolakwika pa gulu lodwala kale. Mzere wa POLICY wokhala ndi action=re-add umatha kubwezera disiki yokha ikangoonekanso. Ndinauyesa ndipo unagwira ntchito, koma ndinauchotsa, chifukwa pa chingwe chokhwefuka umabisa vuto pobwezera disiki mobwerezabwereza munthu asanafunse chifukwa chimene inachokera.

Poyerekeza ndi ZFS, dongosolo la mafayilo lokhala ndi RAID yakeyake, mdadm imatsalira pa mfundo imodzi yaikulu. ZFS imasunga checksum (nambala yotsimikizira kuti deta sinasinthe) ya chidutswa chilichonse, kotero kuti ngozi ikatha scrub, imene imafufuza deta yonse, imanena mayina a mafayilo amene awonongeka, pamene mismatch_cnt imangopereka nambala ndipo siidziwa kuti kope loona ndi liti. ZFS ikataya madisiki ambiri nthawi imodzi imaimitsa kaye ntchito ndi kudikira lamulo la zpool clear, zimene zimapatsa munthu mpata wobwezera chingwe popanda kukakamiza chilichonse. Kumbali ina, mdadm ili mu kernel momwemo, imalola ext4, XFS kapena LVM pamwamba pake, ndipo madisiki ake amawerengeka pa kompyuta iliyonse ya Linux ngakhale khadi loyamba litapsa, chimene makhadi a RAID a hardware sangalonjeze nthawi zonse. Ndipo pamene madisiki a SAS ali m'bokosi lakunja lokhala ndi njira ziwiri, ntchito yopirira chingwe si ya mdadm ayi, ndi ya device-mapper multipath, imene imasamutsira deta ku njira yachiwiri md isanadziwe n'komwe kuti china chatsomoka.

Ndingailimbikitse mdadm kwa aliyense amene ali wokonzeka kuiphunzira zinthu zili bwino, kuyatsa bitmap, kukonza timeout, kuyesa imelo ndi kusolola disiki imodzi mwadala seva isanalandire deta ya anthu. Kwa amene akufuna chipangizo choti achiike n'kuchiiwala, ndipo vuto likabwera chimuuze chochita m'mawu osavuta, pulogalamu imeneyi idzamupatsa mizere ya manambala ndi malamulo akuthwa konsekonse. Pa seva ija ndinasintha zingwe zonse ziwiri ndi zina zokhala ndi zokolera zolimba, ndipo patapita nthawi ndinasamutsa deta ndi kupanganso gulu ngati RAID 10 ya near=2, imene imasunga deta yofanana pa madisiki awiri otsatizana, ndikulemba mayina a madisiki mosinthanasinthana kuti awiri aliwonse osunga deta yofanana akhale pa zingwe zosiyana. Malo osungira anatsika kuchoka pa madisiki asanu ndi imodzi kufika pa anayi. Nditamaliza ndinatsomola chingwe chimodzi mwadala kukopera kuli mkati, /proc/mdstat inasonyeza 8/4, mafayilo anapitirira kulembedwa, ndipo nditachibwezera madisiki anayi aja analowanso ndi --re-add ndisanamalize kutseka chivundikiro cha seva.